Za fulashi ya Soja yomwe mwagula ku Ulónguè

Achimwene, mwafunsa ngati fulashi yomwe mwagula pamsika ku Ulónguè, yolembedwa kuti muli nyimbo zotchuka za Lucius Banda, ndi yoyenera kuwapatsa bambo anu, ndiponso ngati Soja, monga ankamutchulira Luciusyo, ankaimba bwino ali payekha kuposa pomwe anali ku Alleluya Band. Mndandanda womwe mwajambulawo ndawuona. Apatseni ndithu, koma isanafike m'manja mwawo mubwerere nayo kaye kwa mnyamata woika nyimbo uja, pali zoti akonze.

Vuto lalikulu ndi lakuti wasakaniza. Nyimbo za ku Alleluya waziponya pakati pa zomwe Lucius anaimba atachoka, kenaka zonse wazisanja potsata zilembo za maina. Ndiye munthu ukumva mawu a bambo wa zaka makumi anayi, kenaka mwadzidzidzi kamnyamata koimba motsatira akulu ake, kenakanso kampeni. Kwa woimba yemwe anayambira m'bandi, chokoma chimakhala kumva mmene anachokera pansi pa ena n'kupeza mawu akeake. Lucius anabadwa mu 1970 ku Balaka, ndipo analowa Alleluya akadali mwana, bandi ikutsogoleredwa ndi mkulu wake Paul Banda. Kumeneko kunali kuimba kwa ku parishi: mawu ambiri ogwirizana, kiyibodi yofatsa, uthenga wolangiza. Palibe yemwe ankafuna kuposa mnzake. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chinatuluka mu 1994 atachijambulira ku South Africa, ndipo ukachimva umadziwiratu kuti munthuyu watuluka m'nyumba ya makolo. Besi yalemera, rege yake ndi ya ku Joni, azimayi ovomera kumbuyo ndi a komweko, ndipo iye sakupemphanso chilolezo kuti alankhule. Nyimbo ya Mabala ili mmenemo. Ngati fulashi siyambira pamenepo, woikayo sanamvetse munthu yemwe akumugulitsa.

Pa funso lanu lachiwiri, ine ndili mbali ya Lucius wa payekha, makamaka wa zaka zoyambirira, kuchokera 1994 mpaka cha m'ma 2000. Koma amene akuti Alleluya inali yabwino kuposa sindiwatsutsa kwenikweni, chifukwa mwambo wa kaimbidwe anautenga kumeneko, ndipo Zembani Band yomwe anayambitsa mu 1997 inkamvekabe Balaka yokhayokha. Chomwe anawonjezera ndi mkwiyo ndi kulimba mtima. Bandi ya tchalitchi sikanatha kunena zomwe iye ananena za ulamuliro wa Kamuzu.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikambirane ife a mbali ino ya Mozambique. Mawu oti nyimbo zotchuka, zinatchuka kwa yani? Mindandanda yomwe anyamatawa amakopera pa intaneti imatsata zomwe zinkavinidwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre, m'mabala ndi m'misonkhano. Ife tinamumva Lucius mwa njira ina. Nthawi ya nkhondo, anthu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo Malawi anasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu n'kuyamba kubwerera m'zaka zotsatirazo. Chimbale choyamba chija chinatuluka anthu ali pakati pa ulendo umenewo. Malawi anavota mu Meyi 1994, ife mu Okutobala chaka chomwecho. Makaseti anawoloka pa Calómuè ndi pa Zóbuè limodzi ndi mapoto ndi malata, ndipo wailesi ya MBC inkamveka bwino m'midzi yathu yambiri ya m'malire. Munthu yemwe wabwerera n'kupeza mudzi wake uli tchire, manda a abale osadziwika pomwe ali, akamva nyimbo yonena za zilonda zomwe sizinapole sankaganiza za Kamuzu ayi. Ankaganiza zake. Bambo anu ngati ali a m'badwo umenewo, zomwe akuzifuna ndi zofatsa zija, zodandaula ndi zopemphera, zomwe pa mndandanda wanuwo ndi zochepa kwambiri.

M'malo mwake mwadzaza za ndale za chipani. Lucius analowa chipani cha UDF, anakhala phungu wa ku Balaka mu 2004, anamangidwa mu 2006, ndipo atatuluka anatulutsa chimbale cha Cell 51 Maximum. Za kundendezo zisiyeni momwemo, ndi mbali ya moyo wake ndipo zili ndi ululu weniweni. Koma za kampeni zinapangidwira chisankho, chisankho chinatha. Ku Malawi mwina zimakumbutsa anthu kena kake, kwa mlimi wa mbatatesi ku Dómuè ndi phokoso chabe. Imodzi ndi yokwanira, kuti mbiri isabisike kuti Soja yemwe ankadzudzula andale nayenso anadzavala malaya achikasu. Ena m'gulu muno zimawawawa tikanena zimenezi, makamaka chimwalirireni iye pa 30 Juni 2024 ku South Africa, koma chimbale chosankha nyimbo chomwe chikuonetsa munthu ngati mngelo n'chabodza ngati chomwe chikungomuonetsa ngati wandale.

Mumvetsere ndi kamvekedwe. Zambiri zakalezi zinachoka pa kaseti n'kulowa mu kompyuta, kenaka zadutsa m'mafoni osawerengeka. Ina imamveka pansi, yotsatira n'kukuboolani makutu, ndipo zina zili ndi mawu a DJ akutchula dzina lake pakati pa vesi. Muyese pa sipika ya mnyamatayo musanachoke, osati pa foni, chifukwa pa foni besi simveka ndipo rege yopanda besi ndi ndiwo zopanda mchere. Ikakhala yoduka kumapeto, akuchotsereni. Ndipo tisanamizane, ma metikali omwe mwaperekawo palibe ngakhale imodzi yomwe ifike ku banja lake kapena ku COSOMA, bungwe la ku Malawi loteteza umwini wa nyimbo. Amene muli ndi netiweki yabwino ku Tete kapena ku Moatize, muziimverako pa intaneti m'malo ovomerezeka.

Nanga akonze bwanji? Apange mafoda awiri. Ya Alleluya ikhale payokha, bambo akafuna za ku Balaka zenizeni azipita kumeneko. Inayo aisanje potsata zaka, kuyambira 1994, ndipo pa zimbale zoyambirira monga Down Babylon ndi Cease Fire asatengepo imodzi yokha yodziwika ija, atengepo zingapo. Za m'zaka zomalizira achepetse. Munthuyu anatulutsa zimbale pafupifupi makumi awiri, ndipo kumapetoko zina zinkabwereza zomwe ananena kale bwino ali mnyamata.

Mnyamatayo akakuuzani kuti zakalezo alibe, musalimbane naye. Funsani oyendetsa ma chapa, ma minibasi a msewu wa ku Calómuè, achikulire aja, ambiri amasunga zimbale zathunthu m'mafulashi awo ndipo sakana kukopera munthu.