Funsani Azakhali: za madzi, nyemba ndi zinyalala kuno ku Harare

Mwaswera bwanji abale anga. Makalata a mwezi uno ambiri ndi a madzi ndi magetsi basi, ndiye ndasankhapo anayi, enawo tidzaonana nawo mwezi wamawa.

FUNSO: Azakhali, ine ndi mayi wa ana atatu ndimakhala ku Budiriro. Madzi kwathu pampopi amatuluka mwina kawiri pa sabata komanso usiku, masiku enawo ndi pamzere ku mjigo ndi zigubu, msana wathyoka. Ndiye ndimafuna mundithandize, madzi ochepa omwewa ndingawasamale bwanji kuti afikire zonse, nanga a pachitsime cha aneba ndingamwetse ana eti poti amaoneka oyera bwinobwino?

YANKHO: Mwana wanga ndiyambe ndi chitsimecho chifukwa ndi pamene mtima wanga wagunda. Kuyera kwa madzi si umboni ayi. Inu a ku Budiriro mukudziwa kuposa ine, kolera ya 2008 mpaka 2009 inatenga anthu oposa 4,000 m'dziko muno ndipo Budiriro inali pakati penipeni pa maliro amenewo, mu 2018 inabweranso ku Glen View ndi kwanu komweko. Mapaipi a suweji akaphulika zoipazo zimalowa m'nthaka n'kukafika m'zitsime zosazama ngakhalenso mijigo ina, diso silingaone. Ndiye madzi akumwa, kaya ndi a chitsime kaya a mjigo kaya a pampopi pomwe, muwiritse mpaka abwate kapena thiranimo mankhwala a klorini monga alembera pa paketi, mudikire mphindi 30 musanamwe. Muwasunge m'chigubu chapakamwa pang'ono chotseka, osati ndowa yoti mwana aliyense azingoviikamo kapu ndi manja omwe achoka nawo kosewera.

Tsopano kusamalako. Kwathu ine madzi sagwira ntchito imodzi n'kutayidwa, ayi ndithu. Ndili ndi ndowa zitatu pakhonde. Posamba timaima m'beseni lalikulu, madzi amenewo amapita kuchimbudzi. Otsukuluzira zovala omaliza aja amene alibe thovu lambiri ndimakolopera m'nyumba kenako nawonso kuchimbudzi. Otsukira mpunga, tomato ndi masamba amapita ku ndiwo zanga za m'matumba. Mbale musamatsuke madzi akuyenderera, mabeseni awiri akwana, lina la sopo lina lotsukuluzira, ndipo mphika wa nsima muunyike kaye m'malo moukwecha ndi madzi atsopano katatu. Koma madzi ochapira matewera kapena a munthu wotsegula m'mimba amenewo musawasunge, apite m'chimbudzi nthawi yomweyo ndipo musambe m'manja ndi sopo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mvula. Kuyambira November mpaka March madzi amangokhuthuka padenga n'kumapita mumsewu ife tili pamzere ku mjigo, abale. Tawerengani nane. Denga la mamita 6 kwa 5 mvula ikagwa ya mamilimita 10 yokha limapereka malita pafupifupi 300, ndiye kuti dilamu imodzi ndi theka. Gatala, ngalande ya malata yolandira madzi a padenga, angakukhomereni amisiri a malata aku Siyaso ku Mbare, kapena mungodula paipi ya pulasitiki pakati. Oyamba kugwa muwasiye apite, amenewo akutsuka fumbi ndi zitosi za mbalame. Dilamuyo isakhale yoti munali mankhwala kapena oilo, ndipo muivindikire zolimba chifukwa cha udzudzu komanso ana, mwana wamng'ono amamira m'madzi ochepa kwambiri.

FUNSO: Azakhali ndine mnyamata ndimachita lendi chipinda chimodzi ku Highfield. Nyemba ndimazikonda koma zikundimalizira gasi, ndikati ndiphike pa magetsi azima pakatikati kapena mayunitsi atha alandilodi ayamba kulankhula. Ndisiye kudya nyemba kapena?

YANKHO: Usasiye mphwanga, nyemba ndiye ndiwo ya munthu wa lendi. Vuto ndi loti umazitenga m'thumba n'kuziponya pamoto zili gwaa. Zinyike usiku wonse, m'mawa utaye madziwo uthire ena, uziwiritse kwambiri zibwate ndithu kwa mphindi 15 kapena 20, osachepetsa chifukwa nyemba zosawira bwino zimapweteka m'mimba. Zikatero phula mphikawo uli chivindikirire, uukulunge ndi bulangete lakale n'kuuika m'dengu kapena m'katoni momwe wayalamo nsanza kapena manyuzi, pamwamba pilo. Pita kuntchito. Pobwera madzulo upeza zafewa, uzingoziwiritsanso pang'ono n'kukazingira tomato ndi anyezi. Mayi anga ankachita zimenezi ndi chimanga chokonola kalekale tisanamve n'komwe za gasi, moto unali wa nkhuni ndipo nkhunizo ankazisenza okha ndiye sankaziseweretsa.

Za magetsiwo, ambiri athu amachokera ku Kariba ndi ku Hwange, madzi akatsika ku Kariba monga zinachitikira chilala cha 2024 kuzima kumachuluka, pamenepo iwe ndi ine tilibe chochita. Chomwe tingachite ndi mayunitsi. Mtengo wa magetsi a kampani ya ZESA umakwera ndi masitepe, oyamba pa mwezi ndi otchipa ukamaonjezera amadula, ndiye nyumba ya malendi ambiri pa mita imodzi imafika msanga pa odulawo. Khalani pansi nonse mugwirizane. Babu lakale la mawatsi 60 lichotsedwe, la LED la mawatsi 9 limawala chimodzimodzi. M'ketulo uziika madzi a kapu imene ukufunayo osati kudzaza, ndipo kusita kazisita zonse tsiku limodzi.

Chimodzi chokha ndikupempha ndi mtima wonse. Kuzizira kwa June ndi July usadzalowetse mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka chitseko kuti ufunde. Mpweya wake sununkha, umangokugonetsa tulo osadzukanso, ndipo chaka ndi chaka timamva maliro otere.

FUNSO: Zikomo Azakhali. Kuno ku Mufakose galimoto ya zinyalala imatha masabata osaoneka, ndiye anthu angoyamba kutaya pakona ya msewu pena kuotcha madzulo. Ine ndimaotcha kuseri kwa nyumba koma mdzukulu wanga ali ndi mphumu ndipo akumatsokomola usiku. Nanga nditani poti bini yadzadza? Ndine gogo wa zaka zambiri ndithu.

YANKHO: Agogo, pepani ndi mdzukuluyo, ndipo chonde kuotchako musiye lero lomwe. Utsi wa mapulasitiki ndi matewera ogula ndi poizoni, kwa mwana wa mphumu ndiye kumuthira mchere pachilonda. Mupite nayenso ku kiliniki akamuone chifuwacho.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, mawa m'mawa mukhuthule biniyo pa saka muone zimene zilimo. Ine nditachita zimenezi ndinadabwa, zambiri zinali makoko a mbatata, mapesi a repu, zikhokho za nsima, masamba a tiyi, makoko a mazira ndi zosesa pabwalo. Zimenezitu si zinyalala agogo, ndi manyowa, kumudzi tinkangoti kudzala ndipo nthochi zonenepa zinkamera pomwepo. Kumbani kadzenje pakona ya yadi kofika m'bondo, kapena ngati malo palibe tengani ndowa yakale muiboole pansi ndi m'mbali. Mukathira za kukhitchini muzivundikira ndi masamba ouma kapena makatoni ong'ambang'amba ndi kadothi pang'ono, kaphulusa ka nkhuni apo ndi apo, muzitembenuza pakapita sabata kapena awiri. Zikanunkha ndiye kuti zanyowa kwambiri onjezerani zouma. Nyama, mafupa ndi mafuta musaikemo, zimaitana makoswe ndi agalu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mupeza dothi lakuda lonunkhira ngati mvula yoyamba.

Dothi limenelo ndi limene ndimadzalira ndiwo m'matumba. Thumba la makilo 50 lija, pakati ndimaimika miyala ing'onoing'ono kuchokera pansi mpaka pamwamba kuti madzi azitsika bwino, m'mbali dothi losakaniza ndi manyowa, kenako ndimaboola timabowo kuzungulira n'kudzalamo mbande za kovo, repu ndi mpiru umene anzathu kuno amati tsunga. Pamwamba anyezi wa masamba. Matumba anga anayi ali pafupi ndi khomo la kukhitchini, m'mawa ndimathyola masamba a m'munsi mame ali pompo, ndipo bonongwe ndi luni zimangomera zokha m'mbali, sindizula ayi, ndi ndiwo zimenezo. Zikachuluka nthawi ya dzinja, kapena mukapeza zatchipa ku Mbare Musika, futsani muyanike. Mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya wotendera mu September ndiwo zitadula, mudzandikumbuka.

Zotsalazo muzipatule. Mabotolo a pulasitiki, zitini ndi makatoni muziika m'thumba lakelake pageti, alipo anyamata ndi amayi amene amayenda ndi mangolo kutolera n'kukagulitsa pa sikelo, mwawapeputsira ntchito yofufuza m'bini ndi manja. Pokagula zinthu nyamulani chikwama chanu kapena dengu, majumbo opyapyala aja analetsedwa kuno kuyambira 2010 ndipo makaylite oikamo chakudya mu 2017, koma timawalandirabe tokha. Mukachotsa zonsezi bini imatsala ndi zochepa zoti zingadikire galimoto osanunkha. Za mulu wa pakonawo, Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndi tsiku loyeretsa dziko lonse kuyambira December 2018, inu ndinu wamkulu mawu anu amamveka, itanani amayi a mumzere wanu kapena a kumpingo ndi kumzikiti mukachotse, kenako mudzalepo maluwa kapena kamtengo. Malo osesedwa munthu amachita manyazi kutayapo.

FUNSO: Azakhali, bambo anga akhala akulima chimanga ndi mbatata m'dambo pafupi ndi mtsinje wa Mukuvisi kuyambira kale. Pano akuti n'zoletsedwa. Zoona? Iwo akuti dambo ndi malo ongokhala, ndipo ufa wathu umachokera pomwepo. Ndine mtsikana wa ku Mbare.

YANKHO: Bambo ako ndikuwamvetsa mwana wanga, makolo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'mayadi koma khasu sanalisiye, ndipo dimba ndi chinthu chathu. Koma lamulo lilipodi, kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje n'koletsedwa ndipo a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amalipiritsa. Komanso dambo si malo ongokhala ayi. Harare inamangidwa kumtunda kwa madzi ake omwe, mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatsikira ku Lake Chivero, damu la 1952 lija, ndipo madzi amene amayeretsedwa ku Morton Jaffray n'kubwera pampopi amatungidwa komweko ndi ku damu la Manyame. Dambo limagwira madzi a mvula ngati siponji, limawasefa n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe, ndi limenenso limadyetsa zitsime ndi mijigo. Tikaligalauza mpaka m'madzi dothi ndi fetereza zimakokoloka kupita ku Chivero, namasupuni n'kumanenepa. N'chifukwa chake dambo la Monavale linaikidwa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 2013 kuti litetezedwe.

Usakawauze ngati ukuwaweruza, munthu wamkulu sauzidwa choncho. Upite nawo kumundako Loweruka muyeze limodzi mamita 30 kuchokera pamadzi, gawo limenelo alisiye udzu ndi bango zimere, ndipo afunse kuofesi ya dera lanu malo amene amaloleza kulima. Kumtundako athire manyowa m'mapando, aphimbire ndi mapesi m'malo mootcha, ndipo pakati pa chimanga aponyemo nyemba ndi maungu ngati mmene ankachitira kwawo. Ukandilembere mmene akuyankhire, ndipo uwapatse moni wanga.