Cruise control yasiya kugwira? Asadule kaye mawaya

Achimwene ena okhala ku Joni anditumizira email. Ali ndi Honda CR-V ya 2004, akadina batani la cruise control (chija chimagwira sipidi chokha osaponda moto) kagetsi kake kakuyaka koma akadina SET galimoto sikugwira sipidi, ndipo makaniko wawauza kuti agule actuator ina (kamakina kokoka kebulo ya moto) asananyamuke ulendo wa kumudzi mu December.

Achimwene, musagule kaye.

Ine funsoli landikwiyitsa pang'ono, osati inuyo ayi, koma kayankhidwe ka makanikoyo. Ndinali ndi Accord yakale yomwe inkachita chimodzimodzi, ndinapita nayo kwa mkulu wina wa zamagetsi ku Lilongwe kuno, munthu wotamandidwa ndithu. Anaponda buleki, anauza kamnyamata kake kuti kayang'ane kumbuyo, kanati magetsi akuyaka bwana, basi iye nkugamula kuti switch ya buleki ili bwino, vuto ndi kompyuta bokosi. Kenako anagona chagada pansi pa chiwongolero, tepi kukamwa, nkuyamba kusenda mawaya mmodzimmodzi ndi lezala, testa yake ya babu akungobaya paliponse. Pofika madzulo cruise sinadzuke, wailesi yasiya kulira, ine ndalipira ya leba.

Chimene mkuluyu sankadziwa nchakuti switch imeneyi imagwira ntchito ziwiri. Mbali imodzi imayatsa magetsi akumbuyo, mbali inayo ndiyo imauza cruise kuti dalaivala waponda buleki, siya. Mbali yachiwiriyi ikafa galimoto imaona ngati phazi lili pa buleki nthawi zonse ndiye imakana SET, pomwe magetsi akuyaka bwinobwino. Ndinadzasintha switch yokhayo kwa munthu wina, nkhani inathera pompo.

Ndipo ndinene mosabisa, amakaniko athu ambiri cruise control saidziwa, ndipo sindiwanena kwambiri chifukwa akanaiphunzirira pati? Timagalimoto tambiri ta ex-Japan tolowera pa Songwe, ma Vitz, ma Passo, ma Sienta, timabwera topanda. Komanso pa M1 ungaigwiritse pati, ukangoti SET kutsogolo kuli kabaza wanyamula matumba a makala, wadutsa ameneyo mbuzi, kenako dzenje, kenako rodibuloko. Chimene ndimadana nacho ndi kukana kunena kuti sindikudziwa. Munthu wosenda mawaya asanayeze ndi mita yoyezera magetsi musamupatsenso makiyi, kaya ndi wachibale kaya mumapemphera limodzi. Enanso amati ndi zamanyado izi, ingoyendetsani ndi phazi. Ameneyo sanayendepo pa N1 kuchoka Pretoria kudutsa Polokwane mpaka Musina, msewu wongoti tasa, bondo lakumanja kuchita dzanzi usanafike nkomwe pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete zikukudikira.

Paja za buleki zomwezi, ma Honda akale ali ndi kapulasitiki kakang'ono pa pedulo kamene kamakankha switch ija. Kakakalamba kamanyenyeka, umangopeza tizidutswa pa kapeti, magetsi a buleki osazimanso usiku wonse, mmawa batire yatha. Neba wanga anamatapo kobiri ndi guluu nkuyenda nayo choncho, sindikuti muchite zomwezo, kapulasitikiko nkotchipa.

Ndiye muyambire pati

Choyamba yesani pa sipidi yopitirira makilomita 40 pa ola, pansi pa pamenepo siimagwira ngakhale ili yamoyo. Muli pamsewu wopanda anthu kokerani pedulo ya buleki mmwamba ndi nsonga ya phazi lakumanzere nkudina SET, ikagwira dziwani kuti ndi switch kapena kapulasitiki kaja. Ngati ili ya manyuwo palinso switch ina pa kilatchi, imachita zomwezo. Onani mafyuzi, la cruise ndi la magetsi a buleki, ndipo ngati munaikamo mababu a LED kumbuyo bwezeranimo akale muyesenso.

Imbaninso hutala. Ikakhala kuti sikulira kapena kagetsi ka airbag kakuyaka, mwina ndi clock spring, kachingwe ka mawaya kokulungidwa mkati mwa chiwongolero, ndipo pamenepo musatsegule nokha batire isanachotsedwe chifukwa pali airbag. Sipidomita ikamadumphadumpha ganizirani sensa ya sipidi. Zonsezi zikakhala bwino mpamene mutsegule boneti muone ngati kebulo yochoka ku actuator kupita ku throttle (polowera mpweya mu injini) sinaduke kapena kuvuka. Actuator yeniyeniyo muikayikire pomaliza, ndipo makanikoyo akuonetseni kaye pa mita kuti magetsi akufikapo koma iyo sikukoka.