Kwa achemwali a ku Tsangano: momwe mungatsatire mawu pa X

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mwana wanu wakutsegulirani akaunti ya X, ija tinkaitchula kuti Twitter mpaka 2023, koma mukalowa mukungoona mpira wa ku Ulaya ndi mikangano ya anthu osawadziwa, pomwe inu mukufuna za msewu wopita ku Tete, za mvula ndi za pachipata cha m'malire cha Calómuè chifukwa cha geni yanu ya mbatatesi. Foni yanu ilibe vuto. X sinakudziweni, ndiye ikungokukhuthulirani zomwe zikuwawitsa mitu kwina.

Tsamba loyamba lili ndi mbali ziwiri pamwamba. Ya For you, kapena Para você ngati foni ili m'Chipwitikizi, amakusankhirani ndi makina. Inayo imaonetsa okhawo amene mwawatsata. Koma ine ndikuti zonsezi zisiyeni kaye, dinani kagalasi kofufuzira kaja. Kwa munthu wa kuno phindu la X lili m'menemo, chifukwa anthu a ku Angónia, Macanga kapena Chifunde amene amalemba pa X ndi ochepa ndipo simungawadziwe mayina. Mawu amene angalembe ndiwo mukuwadziwa kale.

Mukalemba mawu, zotsatira zimayamba ndi Top, zomwe ndi nkhani zotchuka, zina za chaka chatha. Dinani Latest, pa Chipwitikizi Mais recentes. Apo ndiye zimabwera mwandondomeko, yatsopano pamwamba. Ambiri amagwa mphwayi ndi X chifukwa chosadziwa kabatani kameneka.

Tsono samalani ndi dzina la chigawo chathu. Mukalemba Tete yekha mudzakumana ndi Chifalansa chambirimbiri, chifukwa kwa iwo tête ndi mutu, komanso nkhani za Tetê, wosewera mpira wa ku Brazil. Liphatikizeni ndi mawu ena: Tete Moçambique, Tete ponte, Tete estrada. Mukaika mawu awiri, X imafuna uthenga umene uli ndi onse awiri. Mayina ngati Moatize, Zóbuè, Furancungo, Mussacama ndi Revúbuè alibe mnzawo kwina kulikonse, ndiye amagwira bwino okha. Ngati mpira ukulowererabe, ikani kamzere kochotsera kutsogolo kwa mawu osafunikawo, osasiya mpata: Tete Moçambique -futebol.

Vuto lina ndi kalembedwe. Tauni imodzi yomweyo wina alemba Ulongué, wina Ulongwe, wa ku Dedza alemba mwakenso. Apa pamathandiza OR, wa zilembo zazikulu: Angonia OR Ulongue OR Ulongwe OR Tsangano. Zikatero chilichonse chotchula limodzi mwa mayinawo chikupezani. Pa malonda anu, kumbukirani kuti atolankhani athu salemba mbatatesi kapena kachewere, amalemba batata reno. Mawu awiriwa atsekereni m'zizindikiro motere, "batata reno", kuti abwere ali pamodzi, apo ayi mudzaona maphikidwe a mbatata a dziko lonse. Mukafuna zongochitika posachedwa, onjezani since: ndi tsiku, kuyambira chaka, mwezi, kenako tsiku, monga since:2025-01-15.

Pofufuza m'Chichewa gwiritsani ntchito mayina a zinthu: mvula, mlatho, feteleza, chimanga, kwacha. Makinawo amafananiza liwu lonse lathunthu, ndiye mukalemba wasefukira sakupatsani uthenga wa munthu amene analemba kuti unasefukira kapena ukusefukira. Ndipo zambiri za m'Chichewa zidzakhala za ku Malawi. Kwa inu zimenezo si zoipa ayi, poti kwacha ikagwa kapena mafuta akasowa ku Dedza ndi ku Ntcheu, geni ya m'malire imamva tsiku lomwelo.

Za hashtag, kachizindikiro ka # kaja, musade nazo nkhawa kwambiri. Anakayambitsa ndi Chris Messina mu 2007 kuti anthu okamba nkhani imodzi azipezana. Sikalola mpata pakati pa mawu, ndipo mukakadina mumaona onse amene akagwiritsa ntchito. Kamagwira ntchito kwenikweni pa zinthu zikuluzikulu. Nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, olemba Chingerezi ankaika #CycloneFreddy, olemba Chipwitikizi #CicloneFreddy, ndipo wotsata kamodzi kokha ankaona theka la nkhani. Pa tsiku wamba, anthu a kuno saika # polemba, choncho liwu lopanda chizindikirocho limakupezerani zambiri.

Mwafunsanso ngati foni ingamakuuzeni yokha wina akatchula Tsangano. Pa X yaulere palibe belu la mawu. Chida chimene chimaonetsa mawu angapo nthawi imodzi m'mizere, chija chinkatchedwa TweetDeck, anachisintha dzina kukhala X Pro ndipo kuyambira 2023 ndi cholipira. Musataye meticais anu pamenepo. Lembani mizere yanu itatu kapena inayi yofufuzira mu kope la m'foni, m'mawa mukopere mzere umodzi, muike mu kagalasi kaja, mudine Latest. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ngati kusuzumira kunja kuona mitambo musanayanike ufa.

Mukachita zimenezi kwa sabata ndithu, mudzaona kuti pali maakaunti amene akubwerabwera ndi nkhani zoona. Amenewo ndiwo muwatsate. Sakaninso mayina a INAM ya zanyengo, INGD ya za ngozi zogwa mwadzidzidzi, Rádio Moçambique, O País, DW África ndi Zodiak ya kutsidya. Mungathe kuwaika mu List imodzi, mndandanda wa maakaunti amene mwasankha, kuti muziwawerenga paokha, ndipo pa akaunti imene mwaikhulupirira dinani kabelu kuti ikalemba muzimva. Kuti muone zimene akaunti imodzi inanena pa nkhani ina, lembani from: ndi dzina lake la pa X, kenako liwu lanulo.

Pali chimodzi chimene chimandipweteka mtima. Mvula ikangoyamba, zithunzi zakale zimadzukanso. Mlatho wa pa Revúbuè unaonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, ndipo chithunzi ngati chimenecho munthu angathe kuchiikanso lero, inu n'kuimitsa galimoto yodzaza matumba pachabe. Onani tsiku, onani amene walemba, fufuzani ngati wina wanenanso zomwezo. Kachizindikiro ka buluu pa dzina masiku ano amagula, sikatsimikizira kuti munthuyo ndi woona. Kotuwa ndiko ka maboma ndi mabungwe awo. Wina akakulemberani kumbali kuti ndi wa M-Pesa kapena e-Mola, PIN yanu musamupatse.

Mamega nawo asungeni: m'masetingi yatsani Data saver kuti mavidiyo asamayambe okha. Zimene mungalembe inuyo, zilembo zosaposa 280, aliyense padziko angaziwerenge, ndiye nambala ya foni ndi tsiku limene mukuyenda ndi ndalama musaziike. Mtengo wa thumba lero pamsika wa Kwachena mumzinda wa Tete simudzaupeza pa X, umenewo imbirani anzanu amene ali pamsikapo. Mukakonza mizere yanu yofufuzira, iikeni pano tiione limodzi, ndikuuzeni pofunika kuwonjezera.