Ngale ndi viniga sizigwirizana, chonde musayese

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti ndolo zawo zasiliva zada, mkanda wa ngale umene agogo awo anawasiyira wathimbirira, ndipo mnzawo wawauza kuti aviike zonse mu viniga kenako akweche ndi mankhwala otsukira mano. Akufunsa ngati atero.

Ayi mayi, musayerekeze n'komwe.

Funsoli landikhudza kwambiri chifukwa amayi anga anali ndi mkanda wa ngale. Akabwera koyenda, asanavule n'komwe nsapato, ankaupukuta ndi kansalu kofewa, ngale imodziimodzi, n'kuugoneka m'kabokosi kakekake. Tsiku lina msuweni wanga anaubwereka. Anadzipopera perefyumu mkandawo uli kale m'khosi, ndipo pofuna kuubweza uli woyera, anaukwecha ndi mswachi ndi mankhwala a mano. Anachita ndi mtima wabwino ndithu. Koma ngalezo zinabwera zili mbuu ngati choko, ndipo kuwala kwake sikunabwererenso. Amayi sanakalipe, anangosiya kuuvala. Mpaka lero zimandiwawa.

Ngale si mwala. Imapangika m'kati mwa nkhono za m'madzi, timizere topyapyala ta calcium carbonate (chinthu chonga choko) tikumasanjikizana, ndipo asidi amadya timizereti. Viniga ndi asidi. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, dayamondi ali pa 10, rubi ndi safiro pa 9, pamene ngale ili pakati pa 2.5 ndi 4.5 basi. Ndiye mukaponya mphete ya dayamondi ndi ngale m'kathumba kamodzi, mukudziwa kale chimene chituluke ndi zipsera.

N'chifukwa chake ndimadana nawo malangizo a pa intaneti onena kuti pali njira imodzi yotsukira zonse. Ndi bodza lowononga zinthu za anthu, zina zoti sungazigulenso. Emarodi wambiri, mwala wobiriwira wa mtengo wapatali, amathiridwa mafuta obisa timing'alu take, ndiye mukamuviika m'madzi otentha a sopo wamphamvu, mafutawo amachoka timing'aluto n'kuonekera. Mwala wina wotchedwa opal uli ndi madzi m'kati mwake, kutentha kwadzidzidzi kumaung'alula.

Nayo siliva anthu amainamizira. Ikada si litsiro ayi. Yolembedwa 925 ndi siliva 92.5 peresenti, yotsalayo kawirikawiri ndi mkuwa, ndipo imada ikakumana ndi sulufule wa mumpweya kapena wa m'zinthu za labala. Golide wa 18 karati naye, golide weniweni ndi 75 peresenti chabe, zotsalazo ndi zitsulo zina. Zitsulo zosakanizazo ndi zimene klorini wa m'damu losambira kapena m'mankhwala oyeretsera zovala amadya, mpaka timano togwira mwala timafooka. Zongokutidwa golide pamwamba ndiye musazikweche n'komwe, mungaone chitsulo chapansi chikutulukira.

Tsono muchite chiyani?

Ndolozo zipukuteni ndi kansalu kopukutira siliva, muzisunge pouma m'kathumba kotseka. Ngalezo, kansalu konyowa pang'ono ndi madzi okha. Musaziviike, chifukwa ulusi ukanyowa umatamuka, ndipo muziziyanika chogoneka, osapachika. Muzivala ngale pomalizira, mutadzola kale mafuta ndi perefyumu, ndipo zizikhala zoyamba kuvula. Popeza mkandawo ndi wakale, pitani nawo kwa wodziwa ntchitoyi akautungenso ndi ulusi watsopano, amange mfundo pakati pa ngale iliyonse kuti zisamakhulane, komanso kuti ukadzaduka zisadzamwazike zonse.