Funsani Amalume: ana a ku Laois ankatenga zikho, nanga zinathera pati?

Amalume moni. Ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg kwa bwana wina wa ku Ireland, kwawo akuti ndi ku Laois. Loweruka akandiitana kuti ndikathandize kuotcha nyama ndimawapeza ali pa laputopu kuonera mpira wina wake wodabwitsa, anthu akuugwira ndi manja koma akuumenyanso ndi mwendo, golo yake ili ndi ukonde pansi koma mitengo yaitali ngati ya rugby. Pano ndinayamba kuukonda ndithu. Koma bwanawa daily amangodandaula kuti kale ana akwawo ndiwo ankaopsa dziko lonse, lero timu yawo palibe chomwe ikuphula. Nde zimatheka bwanji boma kukhala ndi ana oopsa choncho kenako zonse n'kuzilala? Ndikufunsa chifukwa nanenso Lamulungu masana ndimaphunzitsa tiana ta Amalawi mpira wamiyendo ku Rosettenville ndipo sindikufuna thukuta langa lipite pachabe.
Wowerenga wanu, Rosettenville

Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli, ndipo bwana anuwo sakunama ayi.

Ndiyambe ndi mpirawo kuti amene sanauonepo tikhale limodzi. Umatchedwa Gaelic football, mbali iliyonse osewera amakhala 15, mpira ukalowa mu ukonde ndi mapointi atatu, ukadutsa pamwamba pakati pa mitengo ija ndi pointi imodzi, ndipo kuyambira 2025 anawonjezera lamulo loti ukaumenya uli kunja kwa mzere wa mamita 40 n'kudutsa pamwambapo ndi mapointi awiri. Amayendetsa ndi bungwe la GAA lomwe linakhazikitsidwa mu 1884 m'tauni ya Thurles. Koma chachikulu choti mugwire ndi ichi, osewera salipidwa, ngakhale amene amadzaza bwalo la Croke Park ku Dublin ndi anthu opitirira 82,000, Lolemba lake ali ku ntchito, wina mphunzitsi wina wapolisi wina mlimi. Komanso munthu umasewerera kalabu ya ku parishi yakwanu ndi boma lakwanu, kulibe zogulana ngati mmene Sundowns kapena Chiefs achitira kuti tasowa sitiraika tiyeni titsegule chikwama. Nde ngati boma silinalere ana ake, lilibe kwina kokatenga osewera, n'chifukwa chake nkhani ya ana kumeneko anthu amaitenga ngati ya moyo ndi imfa.

Tsopano Laois. Ndi kaboma kakang'ono ka pakati pa dziko, anthu ake sakwana n'komwe 100,000, tauni yake yaikulu ndi Portlaoise. Mu 1996 anyamata awo a minor, omwe nthawi imeneyo anali a zaka zosapitirira 18, anatenga chikho cha All-Ireland, chomwe ndi cha dziko lonse, koyamba m'mbiri yawo atagonjetsa Kerry, boma lomwe ndi chimphona pa mpirawu. Mu 1997 anachiteteza pokwapula Tyrone, 1998 anafikanso mu fainolo koma ulendo uno Tyrone inabwezera, ndipo 2003 anachitenganso atamenya Dublin pa gemu yobwereza. Tangoganizani, mafainolo anayi m'zaka zisanu ndi zitatu kuchokera kaboma kotere. Mayina ngati Brian McDonald, yemwe anthu amangomutchula kuti Beano, anali pakamwa pa aliyense. Ndipo chipatso chinaoneka ndithu, tisanamizane kuti sanapindule kanthu, chifukwa mu 2003 momwemo timu yaikulu pansi pa kochi Mick O'Dwyer wa ku Kerry inatenga chikho cha chigawo cha Leinster itagonjetsa Kildare, koyamba kuchokera 1946. Bwana anuwo mukawafunsa za tsiku limenelo muona nkhope yawo mmene isinthire. Koma basi ndi chomwecho chimodzi. Anafikanso mu fainolo ya Leinster 2004, 2005 ndi 2007 koma zonse anagonja, kenako pang'onopang'ono n'kumatsika mpaka anakapezeka mu Division 4 ya ligi, yomwe ndi yotsiriza, ndipo 2024 fainolo yomwe anasewera inali ya Tailteann Cup, chikho cha matimu omwe sanakwanitse kulowa mpikisano waukulu, imenenso anagonja ndi boma la Down.

Nanga chinachitika n'chiyani? Ine mmene ndimaionera nkhaniyi, chikho cha ana chimanamiza. Inu ndi ine tikudziwa za fodya, mbande zikakongola pa nazale sindiye kuti mabelo adzadza, pakati apa pali kuwokera, feteleza, mvula, tizilombo, ndipo mbande zambiri zimafera m'munda osati pa nazale. Mnyamata wa zaka 17 amene anakula msanga, mapewa ngati bambo, amawagwetsa anzake onse ndipo aliyense amati uyu ndiye mpulumutsi, koma pofika 21 anzake aja amupeza msinkhu ndipo zimaoneka kuti luso lenileni analibe kwenikweni, pomwe kamnyamata kowonda komwe kochi ankakasiya pa benchi kanatopa kalekale n'kusiya mpira. Zimenezi zimandiwawa kwambiri chifukwa ana otayika mwanjira imeneyi palibe amawawerenga.

Ndiye pali moyo weniweni. Akamaliza mayeso a Leaving Cert, omalizira sekondale, mwana amapita ku koleji ku Dublin, Limerick kapena Galway, kutrena kwa timu ya boma kumafuna madzulo angapo pa sabata kuphatikiza jimu, wopanda malipiro, ena amangoti zikomo ndatopa. Chuma cha Ireland chitagwa mu 2008 achinyamata ambiri a kumidzi ananyamuka ulendo wa ku Australia, Canada ndi London kukasaka ntchito, makalabu ena n'kumavutika kupeza anthu 15 oti alowe m'bwalo. Apa sindikufunika kufotokoza zambiri, tonse tili ku Joni kuno tikudziwa matimu a m'midzi mwathu omwe anatha chifukwa anyamata onse tinakwera basi. Kuwonjezera apo matimu a mpira wa ku Australia, wa AFL uja, amabwera kudzasankha ana onona okhaokha n'kuwapatsa kontrakiti ya ndalama. Zach Tuohy wa ku Portlaoise, yemwe anali mu timu ya minor ya Laois ya 2007, anapita ku Carlton kenako Geelong mpaka kutenga nawo chikho mu 2022. Kwa iye ndi banja lake ndi dalitso ndipo ine sindingamuweruze, koma kwa kaboma kakang'ono kutaya munthu m'modzi wotere ndi bala lalikulu. Musaiwalenso kuti ku Laois komweko mbali ina ya boma anthu mtima wawo uli pa hurling, masewero a ndodo aja, nde ana ochepa omwewo amagawanikanso pawiri.

Ndipo nthawi yomwe Laois imatsika, Dublin, yomwe ili m'chigawo chomwecho cha Leinster, imakwera. Dublin ili ndi anthu opitirira miliyoni, inalandira ndalama zambiri zolembera makochi oti aziyenda m'masukulu ndi m'makalabu, nkhani yomwe maboma ena anaidandaula kwa zaka zambiri, ndipo inatenga Leinster zaka 14 zotsatizana kuyambira 2011 mpaka 2024. Mwana wa ku Laois amene anakula akuona abale ake akukwapulidwa chaka ndi chaka, kuti umuuze kuti apereke unyamata wake onse ku jezi imeneyo pamafunika ntchito.

Koma pali nkhani imodzi yomwe ndikufuna muisunge inuyo monga kochi. Mu 2011 fainolo ya minor inali pakati pa Tipperary ndi Dublin, ndipo Tipperary inapambana anthu osayembekezera. Mu timu yogonja ija munali Ciarán Kilkenny, Jack McCaffrey, John Small ndi Paul Mannion, omwe anadzakhala msana wa timu yaikulu ya Dublin yomwe inatenga All-Ireland kasanu ndi kamodzi motsatizana, 2015 mpaka 2020. Tipperary nayo inadyako, inatenga chikho cha chigawo cha Munster mu 2020 koyamba kuchokera 1935, koma mukayerekeza zomwe anakolola awiriwa muona kuti amene analira tsiku la fainolo ndi amene anadzaseka zaka khumi. Kusiyana kwake kunali pa zomwe zinawadikira anawo atatuluka mu minor, makochi abwino a zaka 19, 20, 21, timu yaikulu yadongosolo, ntchito ndi sukulu pafupi ndi kwawo.

Kerry ndiye inayenda chobwerera. Anakhala zaka 20 osatenga minor kuchokera 1994, anthu n'kuyamba kufunsa kuti kodi chalakwika n'chiyani, anakonza dongosolo la magulu a ana ndipo anatenga kasanu motsatizana 2014 mpaka 2018, mmenemo ndi momwe munatuluka David Clifford yemwe mu fainolo ya 2017 anamwetsa zigoli zinayi ndi mapointi anayi yekha motsutsana ndi Derry. Komabe timu yaikulu inadikira mpaka 2022 kuti itengenso All-Ireland. Tyrone ndiyo ndimaisirira, kochi Mickey Harte anayenda ndi gulu lomwelo kuchokera minor 1998, Under 21 mu 2000 ndi 2001, mpaka chikho chachikulu 2003, 2005 ndi 2008, sanawasiye m'manja mwa mlendo pakatikati.

Nde kwa inu ku Rosettenville, langizo langa ndi lakuti mukhale ndi kabuku. Lembani dzina la mwana aliyense amene anayamba nanu, ndipo chaka chikatha muwerenge kuti ndi angati akubwerabe, amene wasowa mupite kwa makolo ake mukafunse, mwina ndi ya teksi, mwina jombo, mwina banja lasamukira ku Turffontein kapena Kempton Park ndipo mungomulumikiza ndi kochi wina kumeneko. Tonse tikukumbuka kuti Malawi inapita ku World Cup ya Under 17 ku Nigeria mu 2009, dzifunseni nokha kuti mwa anyamata aja ndi angati mungawatchule kuti anakhazikika mu Flames.

Amalume, mwana wanga wa zaka 11 ali mu timu ina ya ana kuno ku Yeoville koma pa tonamenti samulowetsa, kochi akuti ndi wamng'ono thupi ndipo akufuna chikho. Mwana amabwera akulira ndipo akuti asiya. Amene amalowa ena ndevu zayamba kale. Ndimuchotse?
Mayi wodandaula, Yeoville

Mayi, pepani kwambiri, ndipo mwana wanuyo mumuuze kuti amalume akuti asasiye mpira. Musanamuchotse kakumaneni ndi kochiyo pambali, osati pa gulu la WhatsApp pomwe aliyense akuona chifukwa pamenepo munthu amangodziteteza, mumufunse mwaulemu kuti kodi dongosolo lake ndi lotani pa ana amene sanakule thupi. Ngati yankho lake ndi chikho basi, msakireni timu ina, pa zaka 11 mwana amafunika kukhudza mpira osati kutenthetsa benchi.

Ku Ireland komwe tikukambaku vutoli analiona kalekale ndipo anayambitsa zomwe amazitcha Go Games za ana osapitirira zaka 12. Bwalo limakhala laling'ono, osewera ochepa mbali iliyonse kuti mwana aliyense aziukhudza mpira pafupipafupi, aliyense amene wabwera amalowa, ndipo sipakhala zikho kapena tebulo la ligi. Makolo ena kumeneko amadandaula ndithu kuti ana akuzolowera zofewa, mkangano umenewo ulipo mpaka lero, koma ine ndili mbali ya Go Games popanda kukayika, chifukwa mwana mwachibadwa amafuna kuwina kale, simufunika kumuphunzitsa zimenezo, chomwe amafunika kuphunzitsidwa ndi kumenya ndi mwendo wamanzere komanso kudzutsa mutu asanapatsire. Mu 2018 GAA inatsitsanso minor kuchoka pa 18 kufika pa 17, ndi Under 21 kukhala Under 20, china mwa zifukwa chinali choti mwana m'modzi waluso ankaseweretsedwa mu timu ya sukulu, ya kalabu, ya boma ndi ya akuluakulu nthawi imodzi ali pakati pa mayeso mpaka thupi kutheratu.

Za ndevu mwanenazo ndisabise, kubera zaka ndi matenda omwe apha mpira wa ana kwathu ndi kuno komwe. Inu makolo mukagwirizana mutha kuuza okonza tonamenti kuti mwana aliyense azibwera ndi chiphaso chobadwira kapena kalata ya kusukulu, ndipo ndikudziwa kuti kwa ena a ife kuno nkhani ya mapepala ndi yovuta, n'chifukwa ndatchula kalata ya kusukulu yomwe imasonyeza giredi ya mwana.

Amalume, mpira wa Gaelic umenewu ndingauonere kuti kuno ku Johannesburg?
Mnyamata wa ku Tembisa

Mphwanga, kuno kuli gulu lotchedwa South Africa Gaels lomwe lakhala likuphunzitsa mpirawu kwa achinyamata a m'malokeshoni ndipo linapitako ku Ireland kukasewera ma GAA World Games, asake pa Facebook uwafunse komwe akutrenera panopa. Magemu a ku Ireland amaonetsedwa pa intaneti kudzera pa GAA+, yomwe kale inkatchedwa GAAGO, koma ndi yolipira ndipo imadya data, nde ngati thumba lili lopyapyala yamba ndi zidule za pa YouTube, usake fainolo ya minor ya 2017 uone zomwe anachita Clifford. Fainolo yaikulu ya All-Ireland masiku ano imaseweredwa mu July, ndipo nyengo imeneyo wotchi ya ku Ireland imakhala kumbuyo ndi ola limodzi, nde akati gemu iyamba hafu 3 kumeneko iwe ukhale pansi hafu 4.