Munda wa makona atatu: ukukwanadi theka la ekala?

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndili Fomu 4 ndipo trigonometry ikundizunguza mutu, SOH CAH TOA (ija yokumbukirira sin, cos ndi tan) ndimaitha bwinobwino koma zikangofika pa sine rule ndi cosine rule basi sindidziwa yoti nditenge. Ndiye bambo anga ali ndi kamunda ka makona atatu kudimba, tinayeza ndi tepi mbali zake ndi mamita 50, 70 ndi 80, iwo akuti ndi theka la ekala ndipo akufuna achititse lendi pa mtengo umenewo. Ine ndinapanga 50 taimusi 80 kugawa pawiri, ndinapeza 2,000. Ndakhoza?
Wophunzira, Dedza

YANKHO: Mwanawe, wayandikira koma sunakhoze. Njira yakoyo ikanagwira ntchito zikanakhala kuti mbali ya 50 ndi ya 80 zakumana pa ngodya ya madigiri 90, ngati kona ya nyumba yomanga ndi sikweya. SOH CAH TOA nayonso imafuna 90 yomweyo. Tsono munda wa kudimba ndani anauyika pa sikweya? Malire amangotsata mtsinje ndi chulu.

Usamayambe ndi kufunsa kuti nditenge rule iti, yamba waona zimene uli nazo m'manja. Iwe uli ndi mbali zonse zitatu, ngodya ulibe olo imodzi, ndiye sine rule apa siingayambe chifukwa iyo imafuna mbali ndi ngodya yoyang'anizana nayo zonse zikhale zodziwika. Yatsala cosine rule. Imagwiranso ukakhala ndi mbali ziwiri ndi ngodya ya pakati pawo.

Tiye tipeze ngodya ya pakati pa 50 ndi 80, tiitche C. Mbali yoyang'anizana nayo ndi 70 ija.

cos C = (50² + 80² − 70²) ÷ (2 × 50 × 80)

Pamwamba pali 2,500 kuphatikiza 6,400 kuchotsa 4,900, zikutsala 4,000, pansi 8,000, ndiye cos C ndi 0.5, kutanthauza kuti C ndi madigiri 60. Waona? Si 90 ayi. Kakyuleta yako ikakupatsa 1.047 m'malo mwa 60 usathamangire kunena kuti yafa, ili pa RAD (ikuyeza ngodya mu ma radian), ibweze pa DEG (madigiri), ana ambiri amataya mamalikisi pa MSCE chifukwa cha kabatani kameneka.

Kukula kwa munda tsopano ndi ½ × 50 × 80 × sin 60°, ndiye 2,000 yako ija uichulukitse ndi 0.866, upeza masikweya mita 1,732. Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, theka lake ndi 2,023 ndi kanthu, choncho kamunda ka bambo ndi 0.43 ya ekala. Kakuperewera ndi masikweya mita pafupifupi 290, amene pa mizere ya tomato kapena kabichi si ochepa, wochita lendi akadzayeza yekha padzakhala mawu. Koma ukawauze mwaulemu, usakafike ngati wabwera kudzawaphunzitsa.

Ukafuna kutsimikiza pali njira ya Heron, katswiri wa masamu wakale wa ku Alexandria, yosafuna ngodya. Phatikiza mbali zonse ugawe pawiri, ndi 100. Chotsamo mbali iliyonse upeza 50, 30 ndi 20. Kenako 100 × 50 × 30 × 20 ndi 3,000,000, square root yake ndi 1,732 yomwe ija.

Pano sine rule yapeza polowera poti 70 ndi madigiri 60 zikuyang'anizana. Ngodya yoyang'ana 50 tiitche A: sin A = 50 × 0.866 ÷ 70, ndi 0.6186, A ndi madigiri 38.2. Yotsalayo ingochotsa pa 180, ndi 81.8. Ndayamba dala ndi mbali yaifupi chifukwa sin 81.8° ndi sin 98.2° n'zofanana ndipo kakyuleta imangokupatsa yosafika 90, ndiye ukafunafuna ngodya yaikulu ndi sine rule utha kulemba yolakwika osadziwa. Yaikuluyo uzisiya komaliza kapena uipeze ndi cosine rule, ikapitirira 90 cos wake amatuluka ndi mainasi, uzidziwiratu pomwepo.