Kodi mawu akuti "kugwira" anachokera kuti?

Mayi wina amene amaphunzitsa sitandade 6 wandilembera imelo. Akuti mwana wina m'kalasi anawafunsa kuti timanena bwanji "kugwira ntchito" pomwe ntchito ilibe chigwiriro, ndipo iwo anagwira njakata. Akufuna kudziwa gwero la mawuwa.

Mayi, mwanayo mumusamale, ali ndi khutu labwino.

Tsinde ndi -gwir-. Akatswiri oyerekeza zinenero za Chibantu, ntchito imene mmodzi wa iwo, Malcolm Guthrie, anaisindikiza pakati pa 1967 ndi 1971, amalumikiza tsindeli ndi mneni wamfupi uja -gwa. Kalekale kugwira kunali kugwera chinthu. Taganizirani mphamba akutsikira mwanapiye, kapena anyamata akudumphira mbuzi yothawa. Amayamba aigwera, kenaka ili m'manja. Lero -gwera ndi -gwira tinawasiyanitsa, koma ndi ana a mimba imodzi. Ngakhale m'Chiganda cha ku Uganda, okugwa ndi kugwa komweku.

N'chifukwa chake mawuwa ali ndi mphamvu kuposa kukhudza. Wakuba amagwidwa. Moto ukagwira udzu, wagwiradi. Mbande ya fodya ikagwira, ndiye kuti mizu yaluma nthaka. Wopepesa amagwira mwendo, wolawirira ulendo amagwira tambala pakamwa asanalire. Umenewu ndiye mwambi umene ndimaukonda kwambiri, chifukwa umaoneka ndi maso.

Tsono za ntchito. Ine ndimaona kuti yankho lili pa mpini. Ntchito ya makolo athu inali khasu, nkhwangwa, munsi, nkhafi. Palibe imene inkachitika dzanja lisanafumbate kanthu. Mwanayo mumuuze kuti wa pa kompyuta akamati akugwira ntchito, akulankhula chilankhulo cha mlimi. Pa tsinde lomweli la -gwir- ndi pomwe panaphukira kugwiritsa ntchito, ndiponso mgwirizano, kumene kuli kugwirana kwa anthu.

Pali kena kamene simunafunse. Chibantu chakale chinali ndi mneni wina wa tanthauzo lomweli, -kwata. Aganda amati okukwata akamanena kugwira, Abemba a ku Zambia amati ukukwata akamanena kukhala nacho chinthu. Kwathu kuno mneniyu anabisala m'mawu akuti kukwatira, kukwatiwa ndi ukwati. Ana a sitandade 6 aseka mukawauza zimenezi, koma auzeni ndithu, kenaka muwatume akafunse agogo awo mawu ena okhala ndi -gwir- amene sitinawatchule pano.